Tsitsi Lotsala m'Chipeso

Mwamuna akachita dazi anthu amati ndi nzeru, ena amati ndi chuma chikubwera. Likapeza mkazi, palibe amene ali ndi dzina lokoma lolitchulira. Ine linandipeza mu 1988, ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinachita nalo manyazi kuposa ndikanagwidwa ndikuba nkhuku ya neba.

Ndine Alefa, wobadwira m'Kabwe mommuno. Bambo anga anachoka ku Ntcheu wapansi kudzagwira ntchito kumgodi, ndipo anafera konkuno. Amuna anga, a Pearson, ndi Mnsenga wa ku Petauke, ndipo nthawi imeneyo ankakonza mabogi a sitima ku njanji. Tinkakhala m'nyumba za kampani ku Railways ndi mwana wathu mmodzi, Christabel. Amayi anga ankakhala ku Bwacha, dera lina la m'Kabwe momwemo, ndi mng'ono wawo, amayi anga aang'ono, a Lettie.

Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse ndinkakwera minibasi kupita ku Bwacha kuti amayi akandiluke. Sikuti ku Railways kunalibe oluka, koma chiyambire ubwana mutu wanga unkadziwa manja amodzi okha. Amayi ankakhala pampando pansi pa mango, duku lawo lili kumutu monga mwa masiku onse, ine pamphasa pakati pa miyendo yawo, mzimayi wamkulu ndithu wa mwana wa kusekondale. Akapesa, ankazula tsitsi lotsala m'chipeso, n'kulipota, n'kulimanga pangodya ya chitenje chawo. Kalilole sankandipatsa mpaka atamaliza. Zonsezi ndinkaziona ngati zizolowezi chabe za anthu akale.

Amene anandiuza anali munthu wosamudziwa n'komwe. Tinali pamzere wa mafuta ophikira m'tauni, umodzi wa mizere ija ya masiku amenewo imene unkayamba kuima usanafunse kuti kwabwera chiyani. Kumbuyo kwanga kunali mzimayi wamtali, wa pakamwa posatseka. Anandigwira paphewa.

"Mwandi ba sisi, pepani, koma pamutu panu paoneka pansi. Munadwala?"

Mzere wonse unatembenuka. Ndinamuyankha kuti ayang'ane za kumutu kwake, koma mafuta sindinagule. Ndinathamangira kunyumba, ndinamasula malukowo, ndinatenga kalilole wanga ndi uja a Pearson ankametera ndevu, n'kudziona paliwombo koyamba m'moyo wanga. Mzere wapakati pa mutu unali utatambasuka ngati njira ya kuchitsime. M'mbali tsitsi linalipo ndithu, koma pamwamba munthu akanatha kuliwerenga. Ndinakhala pansi n'kulira.

Kuyambira tsiku limenelo duku silinachoke kumutu kwanga. A Pearson anaona okha tsiku lachitatu, n'kunena kuti: "Ah, ni ivi chabe? Nenze naganiza ati wamenyewa." Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi mbale. Iwo dazi lawo linkanyezimira kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo ndipo ankayenda nalo monyada ngati analigula.

Ndinayamba ndi kuchipatala, chifukwa ndine munthu wa tchalitchi. Dokotala anali Mmwenye wachikulire. Anandivula duku pamaso pa nesi, anayang'ana, anakoka tsitsi pang'ono, anatumiza magazi kukapimidwa. Nditabwerera anati magazi ali bwino ndipo si matenda. Anati ndi zakumtundu, akazi ambiri limawagwa chonchi, kuyambira pakati.

"Amayi anu ali nalo tsitsi pamwamba?" anafunsa kudzera mwa nesi uja.

"Ba dokota, amayi banga bali na sisi yambiri kuchila imwe na ine," ndinayankha mokwiya. Ndinkakumbukira chithunzi chawo cha ukwati chopachika pakhoma ku Bwacha, tsitsi lili ngati chisa cha njuchi. Sindinaganize n'komwe kuti chithunzicho chinali cha 1950.

Dokotala anangogwedeza mutu. Analemba dzina la mankhwala ena atsopano opaka, n'kunena kuti muno sapezeka, mwina kuwoloka Zambezi. Anati sagwira aliyense, amatenga miyezi inayi kuti uone kanthu, ndipo ukasiya kupaka, limene linamera limathothokanso. Ine ndinaona kuti amenewo si mankhwala koma ukwati wachiwiri.

Ndiye mayi wina wa kumsika anandilozera kwa sing'anga wina, bana Nevers, cha ku Mpima. Ndinapita m'mawa, ndikuyang'ana uku ndi uku kuopa kukumana ndi ansembe a kuseminale ya kumeneko. Bana Nevers anali mayi wonenepa, wansangala, wa tsitsi lambiri lotuwa, ndipo tsitsi lakelo ndi limene linandigula mtima. Anandiyang'ana pamutu nthawi yaitali, akuguguda lilime.

"Awe mayo, iyi si ya chipatala. Nindani amakugwira ku mutu?"

"Amayi banga chabe."

"Manje sisi yamene isala mu chisakulo, bamaipeleka kuti?"

Ankanena za tsitsi lotsala m'chipeso. M'maso mwanga munabwera ngodya ija ya chitenje. Bana Nevers sanatchule munthu, ndiyenera kunena zoona pamenepa. Anangoti: "Iwe wamene uziba." Zotsalazo ndinamaliza ndekha, ndipo ndinazimaliza mwachangu chochititsa manyazi. Ndinakumbukira kuti amayi sanafune kuti ndikwatiwe ndi Mnsenga. Ndinakumbukira tsiku lina atanena kuti ndayamba matama chilowereni m'nyumba ya magetsi. Pofika pamsewu waukulu ndinali nditawazenga mlandu ndi kuwaweruza kale.

Anandipatsa botolo la mafuta a nsatsi osakaniza ndi mizu yootcha, akuda bii, ndipo ananditemera mphini zing'onozing'ono zitatu paliwombo. Lamulo linali limodzi: wamagazi anga aliyense asandigwire kumutu mpaka tsitsi litabwerera.

Patapita milungu iwiri, mnzawo wa a Pearson, a Kenani, amene ankayenda ndi sitima ya ku Livingstone, anabweretsa timabotolo titatu ta mankhwala a dokotala aja. Ndinali nditawalumbiritsa a Pearson kuti anene kuti ndi a dazi lawo. A Kenani akuti anaseka ulendo wonse, amvekere pamutu pa Pearson ngakhale feteleza sangagwire.

Tsopano ndinali ndi mankhwala awiri ndi mutu umodzi. A Pearson anaika onse patebulo n'kuwayang'ana ngati zitsulo za kuntchito.

"Amake Christabel, mvera. Ku nchito tikafuna kuziba girizi yabwino, sitisankhaniza. Iyi tipaka ku wilo ya kumanja, iyi ku wilo ya kumanzere, bogi imozi. Pa mwezi tiona yamene yapya. Iwe mulaini uli nao kudala pakati pa mutu. So uku paka va bana Nevers, uku va ba dokota."

Ndinawauza kuti mutu wanga si bogi. Koma m'mawa mwake ndinachita zomwezo. Kumanzere zakuda, kumanja zoyera ngati madzi, m'mawa ndi madzulo, chitseko chokhoma. Za amayi sindinawauze. Ndinkangoti ku Bwacha ndipita mwezi wamawa, minibasi zavuta.

Loweruka lomaliza loyamba linadutsa. Loweruka lachiwiri amayi anatuma uthenga kudzera kwa mayi wa kutchalitchi, kufunsa ngati ndikudwala. Ndinati ndatanganidwa. Loweruka lachitatu anabwera okha, ndi mwendo wawo wotupa uja, atanyamula chipeso m'kachikwama. Ndinawalandira bwino, ndinawaphikira tiyi wa shuga amene ndinamuimira pamzere tsiku lathunthu, koma ndinakhala kutsidya kwa tebulo.

"Alefa, bwera kuno ndikuone kumutuko," anatero. Amayi sanasiye Chichewa cha kwawo ngakhale anakhala m'Kabwe zaka makumi anayi.

"Nili chabe bwino, amayi. Masiku yano niluka neka."

Anatambasula dzanja kuti akonze duku langa limene linapendekeka, ndipo ine ndinabweza mutu ngati akufuna kundiwotcha. Dzanja lawo linakhala m'malere kanthawi. Kenaka analibweza, anamaliza tiyi, n'kunena kuti dzuwa lapita. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo ndikubwerera mumtima ndinkadziyamikira kuti ndalimba.

Za mankhwalawo ndinene mmene zinayendera, poti ndinazivutikira. Kumanzere, kwa bana Nevers, tsitsi limene linalipo linafewa n'kumanyezimira, zimenezo sindingakane. Koma latsopano silinamere ngakhale limodzi, mphini imodzi inatukusira, ndipo fungo lake linali loti Christabel anafunsa ngati m'nyumba mwafera khoswe. Mapilo onse anada. Kumanja kunkayabwa ndi kutuluka mfundu, ndipo mwezi woyamba tsitsi linathothoka kuposa kale, moti ndinatukwana dokotala uja ndi mtundu wake wonse. Koma mwezi wachisanu, ndikudziyang'ana pawindo, ndinaona timaubweya tofewa ngati ta mwanapiye. Tinali tochepa, koma tinalipo. Tina tinamera molakwika, m'mbali mwa tsaya pamene mankhwala ankayenderera.

A Pearson anavala magalasi n'kuyendera mbali zonse ziwiri. "Wilo ya kumanja yawina," anatero. "Manje vija vakuda taya."

Munthu wanzeru akanaima pomwepo n'kudzifunsa kuti ngati mankhwala a m'botolo akumeretsa tsitsi, ufiti uja uli pati? Ine ayi. Ndinati mankhwala a dokotala akugwira chifukwa amayi sakundigwiranso kumutu. Zakudazo ndinasiya, koma lamulo lake ndinalisunga. Pansi pa mtima ndinkadziwa kuti ndikangovomera kuti ndinalakwa, ndiyenera kupita ku Bwacha kukawayang'ana m'maso, ndipo zimenezo ndinkaziopa kuposa dazi.

Amayi anamwalira Lachitatu lina mu Juni 1989. Anagwa akusesa pabwalo, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atapita. Uthenga unandipeza ndikuchapa. Panali patatha miyezi isanu ndisanawaone.

Tsiku loika maliro, m'mawa, amayi achikulire a kutchalitchi anapita kumotchale kukasambitsa thupi. Ine ndinakhala panja pabenchi. Patapita nthawi amayi aang'ono a Lettie anatuluka n'kundikodola.

"Ndiwe mwana wamkazi yekhayo. Lowa ukawamange amako duku."

Ndinalowa. Anali atawaveka kale yunifolomu yawo yoyera ya mvano. Kumutu kokha ndiko kunali kosavala. Ndinaima, duku lili m'manja, osatha kusuntha. Paliwombo pa amayi panali posalala ngati chikhatho. M'mbali ndi kunkhongo kunali timaimvi tochepa tolukidwa bwinobwino, koma pamwamba ponse panalibe kanthu. Unali mutu wanga womwe, utangotsogola zaka makumi atatu.

Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinawaonapo amayi opanda duku. Ndinafufuza mpaka ku ubwana, osalipeza. Ankagona nalo, ankapita nalo kubafa, ndipo ine mwana wawo ndinkati ndi ulemu wa chikhristu. Ndinawamanga duku lija manja akulephera mfundo, mpaka mayi wina anandithandiza. Kulira kumene ndinalira pamenepo anthu anati ndi chikondi. Kunali manyazi.

Kwathu, ngakhale tili m'tauni, mwambo wa kumeta sitinausiye. M'mawa wotsatira maliro, abale amakhala pabwalo n'kumetedwa, kuti maliro atuluke m'nyumba. Achibale apatali amangodulidwa pang'ono pamphumi, koma ana a malemu amametedwa mpala. Izi zimachitika poyera, anamalira onse akuona.

Anayala mphasa pansi pa mango womwe uja. Alongo anga awiri anametedwa msanga. Kenaka a Lettie, lezala ili m'manja, anaitana dzina langa. Pabwalo panali anthu a ku Bwacha, a ku Railways, azimayi a kumsika, apongozi anga ochokera ku Petauke. Ndinagwira duku langa ndi manja awiri.

"Amayi bang'ono, siningametewe mukati mwa nyumba?"

Panamveka kung'ung'udza. Mayi wina kumbuyo ananena mokweza ndithu kuti: "Ni uja wamene sanali kubwera. Manje na sisi akana kupasa amai bake."

A Lettie anaika lezala pambale, anakweza manja, n'kumasula duku lawo pamaso pa anthu onse. Nawonso paliwombo panali pambalambanda. Anakhala choncho, mutu uli padzuwa, akundiyang'ana.

"Agogo ako ku Ntcheu analinso chonchi," anatero. "Khala pansi."

Ndinagwada pamphasa n'kuvula. Sindikudziwa amene anaseka kapena amene anadabwa, chifukwa maso anga anali pansi. Ndinkangomva mphepo ya Juni pamutu. A Lettie ananyowetsa mutu ndi sopo, n'kuima.

"Nanga izi? Mbali iyi zipsera, mbali iyi ubweya wa khanda. Unkalima mbewu ziwiri m'munda umodzi?"

Anayamba kumeta. Timaubweya tanga ta miyezi isanu ndi iwiri, timene a Kenani anatiwolotsera Zambezi, tinapita ndi kukoka kuwiri kokha. Akumeta choncho anawerama n'kumayankhula motsitsa, kuti ndimve ndekha.

"Amako analiona dazi lakoli zaka zitatu zapitazo. Tsiku limenelo utachoka analowa m'nyumba n'kulira, amvekere ndamupatsira mwana wanga. Ndiye ankakuluka mokhotetsa mizere kuti pabisike. Lotsala m'chipeso ankalibisa msanga kuti usaone kuchuluka kwake, ukapita n'kukalitaya m'chimbudzi. Ine ndinkawauza kuti muuzeni mwanayu, vulani dukulo aone. Iwo amvekere ndichita manyazi."

Sopo ankalowa m'maso.

"Utasiya kubwera anadziwa kuti wadziona. Ankati mwana akuchita manyazi, musiyeni, abwera yekha. Loweruka lomaliza lililonse ankatulutsa mpando ndi mphasa, chipeso chili pamiyendo, mpaka dzuwa kupendeka. Kenaka ankazibweza pakhonde."

Apa ndiye pamene panandipweteka koposa. Amayi anafa akuganiza kuti ndinkangochita manyazi. Sanadziwe chimene ndinawaganizira, ndipo a Lettie sankadziwanso. Ndikanatha kukhala chete mpaka lero, palibe akanandifunsa.

"Amayi bang'ono," ndinatero, "sivinali manyazi chabe. Nenze naganiza ati ni beve banatenga sisi yanga. Ati bananilowa, bananichita ufiti."

Lezala inaima. Ndinamva mpweya wawo pakhosi panga. Ndinadikira mbama, ndipo ndikanailandira ndi manja awiri. Koma anangogwira mutu wanga n'kuupendeketsa kuti amalize kuseri kwa khutu.

"Zimenezo ukawauze wekha kumanda," anatero. "Ine sindingakunyamulire."

Atamaliza anasonkhanitsa tsitsi langa lonse. Silinadzaze n'chikhatho chomwe. Mwamwambo likanaphatikizidwa ndi la enawo kukakwiriridwa, koma iwo anayamba alipota kaye ndi zala, monga ankachitira mkulu wawo, kenaka anazindikira chimene akuchita n'kuliponya pamulu.

Christabel anali ataima pafupi ndi khonde, atagwira duku langa kuti andipatse. Ndi mwana wa tsitsi lambiri, ngati la pachithunzi chija. Anabwera nalo akuyang'ana kumbali, kundisungira ulemu. Ndinamugwira dzanja n'kuliika paliwombo panga, pamene lezala sinapeze chometa.

"Gwira apa," ndinamuuza. "Ambuya bako benze so, na ine nili so. Ikakupeza, ubwere kuli ine."

Anagwira, n'kugwedeza mutu. Kenaka a Lettie anandiuza kuti ndinyamuke pamphasa chifukwa panali ena odikira. Ndinakakhala pakhonde, duku lili pamiyendo. Mpando wa amayi unali pomwepo pafupi ndi chitseko, pamene anausiya Loweruka lomaliza lija.